Bilu ya msonkho wa nyumba yabwera m'dzina la malemu bambo: ndilipire kapena ndingoisiya?

Nambewe wa ku Thyolo

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Lachiwiri lapitali pochokera kuchigayo ndinapeza pepala atalitsomeka pachitseko, lopindapinda, mbali imodzi litanyowa ndi chiperoni. Kulitambasula, ndi bilu ya msonkho wa nyumba yochokera ku khonsolo, mareti aja. Dzina lili pamwambapo ndi la bambo anga amene tinawaika m'manda mu 2019. Ndalama yake K214,600. Ndinangokhala pakhonde, ufa uli poteropo, mpaka nkhuku zinayamba kujompha thumba ndisakuona.

Kuti mumvetse, nyumbayi ili chonchi. Bambo anagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi zaka 31. Atapuma, ndalama yomwe analandira anagulira puloti pa tauni yathu ino n'kumanga nyumba ya njerwa zowotcha, zipinda zitatu, malata. Kumaso kwake anaikako kahokala komwe mayi ankagulitsamo sopo, mchere ndi palafini. Kahokalako kanatsekedwa mayi atayamba kudwala, pano timasungamo makasu ndi njinga yakufa. Kuseri kuli tizipinda tiwiri ta lendi, K20,000 kamodzi. M'kamodzi muli telala, amalipira bwinobwino. M'kenako muli mnyamata wothyola tiyi, ndipo inu a kuno mukudziwa mmene zimakhalira: mvula ikatha tiyi amachepa, ambiri amawaimitsa, ndiye kuyambira June mpaka November lendi yake ndi "mayi mundipirire". Ine ndimagulitsa kaunjika wa ana ndi mandasi. Pakhomo tilipo 7, ana anga atatu, a malemu mchemwali wanga awiri, ndi agogo.

Chimene chikundiwawa si kuchuluka kwa ndalamako kokha ayi. Ndikufuna wina andiuze chimene ndikugula ndi ndalamayo. Madzi timalipira patokha mwezi ndi mwezi. Magetsi timagula mayunitsi. Zinyalala ndimatentha m'dzenje kuseri kwa bafa, galimoto ya zinyalala m'dera lathu sinapondemo chibadwire mwana wanga woyamba. Msewu wathu mvula ikagwa umasanduka mtsinje, akabaza amakutula kumtunda n'kunena kuti kwatsalako muyende. Namondwe wa Freddy atakokolola kalavati wa pakhwawa mu March 2023, tinasonkha tokha K2,000 nyumba iliyonse, n'kugula mitengo ya bulugamu, anyamata n'kuyala. Mpaka lero ana opita kusukulu amawoloka pa mitengo yomweyo, iwiri inathyoka kale.

Mapepalawa sanabwere kwa ine ndekha, mzere wathu wonse alandira. Pamjigo nkhani ndi yomweyi. Ena akuti ingoyatsirani mbaula, zimenezi amabweretsa zaka zonse ndipo palibe chimene chimachitika. Ena akuti mukachedwa adzakhoma loko pachitseko, nyumba n'kugulitsa. A khansala anaitanitsa msonkhano Loweruka pabwalo la sukulu, koma unathera m'phokoso, aliyense akuloza ngalande yakwawo, mpaka iwo anakwera njinga yamoto n'kumapita osatseka ndi pemphero lomwe.

Ndiye ndifunse. Ngongole ya munthu womwalira imandikhudza bwanji ine? Ndalamayi amaiwerengera potani? Nanga n'zoona kuti angagulitse nyumba imene bambo anaivutikira zaka zonsezo?

Wakabaza wa pa Chitakale

Achemwali musadzivutitse. Olo tambala. Ayambe akonza kalavatiyo kenako abwere ndi pepala lawolo. Ife njinga zikutha masipoko m'misewu yomweyi koma pa mafuta timadula msonkho, pa shuga msonkho, pa mayunitsi a foni msonkho. Tsopano ndi pogona pomwe? Mawa adzati mpweya wa m'phiri la Mulanje tizilipiranso. Mzere wonse mugwirizane, wina asapite yekha kukalipira mobisa, chifukwa akaona mmodzi wagonja ndiye basi mwatha nonse.

Wopuma wa ku Luchenza

Mayi Nambewe, pepani ndi imfa ya bambo. Ine ndinagwirako ntchito ya maakaunti m'makhonsolo mpaka kupuma, ndiye ndiyankha monga munthu amene mapepala oterewa ankawalemba ndi dzanja lake. Achimwene a kabaza akhululuke, uphungu wawowo ndi wokoma m'khutu koma nyumba ikamadzavuta iwo adzakhala ali pa siteji.

Poyamba tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Pali ground rent, imene amalipira ku unduna wa za malo munthu amene ali ndi lizi. Pali msonkho wa MRA, bungwe la boma lotolera misonkho, pa ndalama imene munthu amapeza, ya lendi ili momwemo. Ndiye pali mareti, amene ndi a khonsolo, ndipo mphamvu yotolera imachokera m'lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Pepala lanulo ndi lachitatuli. Silifika kumudzi pa malo a mfumu. Limagwira m'malo amene anaikidwa kuti ndi olipira mareti, monga m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso matauni okhala ndi khonsolo yawoyawo ngati Luchenza ndi Kasungu.

Kawerengedwe kake n'kotere. Katswiri woyeza mtengo wa malo amayendera nyumba n'kulemba kuti puloti ndi ya ndalama zakuti, zomangidwapo ndi za ndalama zakuti. Zonsezo zimalowa m'kaundula. Khonsolo ikamapanga bajeti imagwirizana kuti pa kwacha iliyonse ya mtengowo mwini nyumba apereke kagawo kakuti, ndipo nyumba yogona ndi ya bizinesi kagawoko kamasiyana. Apa m'pamene ndikukayikira kahokala kanuko. Ngati woyeza anafika mayi akugulitsa, mwina analemba kuti ndi malo a malonda, ndipo buku silidziwa kuti pano mukugona makasu.

Kaundulayo amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse, koma kulemba ntchito akatswiri oyeza n'kodula, ndiye makhonsolo ambiri amakhala ndi buku lakalekale. Zotsatira zake mukuziona nokha: nyumba ya bambo anu ili m'buku chifukwa ndi yakale, pomwe chinyumba cha mpanda chimene wina wamanga chaka chatha kumtunda kwanu mwina mulibemo, sichilandira pepala. Kukondera kwenikweni kwa msonkhowu kuli pamenepo, ndipo ndikanakhala pa msonkhano wanu wa Loweruka ndikanafunsa zimenezo m'malo molimbana za ngalande. Ku Mzuzu cha m'ma 2013 anayesa njira ina, yoyendera nyumba iliyonse n'kuipatsa mapointi poona kukula kwake, denga, khoma, msewu ndi zina zooneka ndi maso. Nyumba zambiri zimene sizinali m'buku zinalowa, ndipo ndalama zotolera zinakwera.

Za womwalira: ngongole ya mareti imatsata nyumba, sitsata munthu. Amene watenga nyumbayo watenganso ngongoleyo, ngakhale wogula. N'chifukwa chake pepala likubwerabe m'dzina la bambo, ku ofesi palibe anawauza. Wolipira ndi mwini nyumba, osati telala wanuyo.

Za kugulitsa, lamulo lilipodi. Ngongole ikakhalitsa zaka, khonsolo ili ndi njira yoti nyumba igulitsidwe kuti ipeze ndalama yake. Koma si zoti wina angodzuka ndi loko m'mawa ayi, pamakhala zidziwitso ndi ndondomeko yaitali. Pa zaka zanga zonse sindinaonepo nyumba ya mayi wolera ana amasiye ikugulitsidwa pa ndalama ngati yanuyi. Chimene ndinaona kambirimbiri n'chiwongola dzanja kukula mwakachetechete mpaka kuposa msonkho weniweniwo, n'kudzatulukira tsiku limene ana akufuna kusintha dzina kapena kugulitsa.

Pitani nokha, kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukapemphe kuti akulembereni chaka ndi chaka, msonkho pawokha, chiwongola dzanja pachokha. Mutenge chiphaso cha imfa ya bambo. Ndipo ndalama musapatse munthu wobwera pakhomo ngakhale atavala baji, mukalipire kwa kashiya kapena kubanki, lisiti m'manja.

Nambewe wa ku Thyolo

Zikomo bambo, mwanditsegula m'maso, makamaka za kahokalako sindinaziganizire n'komwe. Chinyumba cha mpanda mwanenacho ngati mumakhala kwathu kuno, chilipodi, cha geti yakuda, ndipo mwini wake pa msonkhano paja ndi amene ankakuwa kwambiri kuti tisalipire. Koma funso langa loyamba mwalilumpha mwaulemu. Ndalamayo ikalowa kwa kashiya imapita kuti?

Wopuma wa ku Luchenza

Sindinalumphe, ndimaopa kutalikitsa. Ndalama zochokera ku boma zimabwera zitamangidwa kale, izi za zipatala, izi za sukulu, izi za ulimi, ndipo kawirikawiri zimafika mochedwa. Zimene khonsolo imatolera yokha, za m'misika, malaisensi ndi mareti, ndi zimene zimalipira osesa mumsika, alonda, otolera matikiti, mafuta a galimoto, ndi ma alawansi a misonkhano. Zikachepa, malipiro ndi misonkhano zimadya zonse, kalavati n'kutsala. Ndinakhalapo miyezi inayi osalandira, ndiye ndikudziwa. Anthu salipira chifukwa saona ntchito, ntchito sioneka chifukwa anthu salipira, ndipo pakati pakepo pamakhalanso ena a zala zazitali, sindingabise. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zonsezo panalibe munthu wosankhidwa ndi inu woti afunse za bajeti, ndipo chizolowezi chofunsa chinafa mbali zonse ziwiri.

Gogo wa kwa Mabuka

Mdzukulu wanga wandiwerengera zimenezi ndipo ndamuuza alembe mmene ndikunenera.

Ana inu mukudabwa kuti anthu akupsa mtima ndi kapepala. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mawu akuti msonkho wa nyumba ali ndi fungo lake. Azungu atangokhazikitsa boma lawo m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, anaika msonkho pa nyumba iliyonse, mashiling'i atatu. Pambuyo pake anati amene sanagwire mwezi kwa mzungu alipire kawiri. Mukuona nzeru yake? Sankafuna shiling'iyo kwenikweni, ankafuna manja a munthu m'munda mwawo. Makolo athu Alomwe anawoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kufikira pa malo a esiteti, kumene anapeza thangata akuwadikira: mwezi wa lendi ya malo, mwezi wa msonkho, ndipo mweziwo ankauwerenga kapitawo, osati iwe. Agogo anga ankasimba kuti wolephera msonkho ankamutenthera nyumba, pena kugwira mkazi wake mpaka mwamuna atulukire. Za John Chilembwe mu 1915 munaphunzira kusukulu. Za chipolowe cha ku Thyolo mu 1953 sakuphunzitsani kwenikweni, koma gwero lake linali malo omwewa.

Ine ndi maso angawa ndinaona msonkho wa mutu nthawi ya Kamuzu. Amesenjala akatulukira pamsika, amuna ankathawira m'tiyi, ena kukwera phiri, kusiya nthochi zawo pansi. Boma la Bakili Muluzi litalowa mu 1994 n'kuuchotsa, anthu anavina. Ndiye munthu wa msinkhu wanga ukamuuza kuti nyumba yako ilipire, m'mutu mwake mumabwera mesenjala, simubwera ngalande.

Sindikuti mwana wanga Nambewe asalipire. Uwu ndi wina, ndamva mmene afotokozera bambo a ku Luchenza. Koma akuluakulu a khonsolo akamabwera kudzatiuza za msonkho, aziyamba atiuza kuti minda ikuluikulu yatizungulirayi, imene inatenga nthaka yabwino yonse ife n'kutsala m'mapiri ndi m'makhwawa, imasiya zingati m'boma lino. Akatiwerengera zimenezo poyera, ife tidzamasula pa mpango popanda kukokana.

Mayi wa tomato, Mulanje

Ine ndiye ndinene zosakomazo, mundida mundida. Ndimakhala ya lendi, chipinda chimodzi, ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi pansi, pa thumba, kunja kwa shedi chifukwa m'shedimo malo anatha. Tsiku lililonse isanakwane 9 koloko wa matikiti wafika, K200. Sanena kuti mayi mwagulitsa kapena ayi. Kaya kukugwa mvula, kaya tomato waphwanyika pa lole, K200. Ukakana amanyamula beseni. Masiku 6 pa sabata, werengani nokha, pa chaka ikupitirira K60,000. Chimbudzi cha pamsika ndimalipiranso pachokha.

Inu achemwali bilu yanu ndi ya zaka zingapo, tikaigawa mwina K35,000 pa chaka kapena kucheperapo, ndipo muli ndi nyumba ya malata ndi alendi awiri. Sindikukunyozani, ana amasiye ndi katundu, ndikudziwa. Koma imene ikuyendetsa makhonsolowa ndi ndalama ya ife ogona m'nyumba za eni, chifukwa ife sitingathawe, beseni lili pamaso pawo. Eni nyumba amayatsira mbaula mapepala zaka 10 osaona kanthu. Achimwene a kabaza akuti mugwirizane osalipira. Chabwino, mukatero adzakweza tikiti yanga, chifukwa kwina kotenga kulibe.

Kalavati wanuyo akonzedi, ndikugwirizana nanu. Koma kukalipira n'kumene kumapatsa munthu pakamwa. Ine wa matikiti ndimamulalatira tsiku lililonse za zinyalala za kuseri kwa bucha, ndipo amangoti zii, chifukwa akudziwa kuti yanga watenga.

Wakabaza wa pa Chitakale

Amayi a tomato mwalalata zaka zingati, nanga zinyalalazo zinachoka?

Mayi wa tomato, Mulanje

Anachotsako kawiri. Inu amene simulipira anakuchotserani kangati?

Nambewe wa ku Thyolo

Ndabwerako abale, ndiye ndikuuzeni mmene ndayendera.

Usiku wa Lamlungu sindinagone, mawu a mayi a tomato anandilasa, ngakhale poyamba ndinakwiya nawo. Ndinatsitsa sutikesi ya chitsulo ya bambo imene chiwaikireni sitinaitsegule. Munthu wa ukalaliki ndi wa ukalaliki basi. Pansi pa jekete lawo la ku tchalitchi munali envulopu ya khaki, pamwamba atalemba ndi zilembo zawo zopendekera zija kuti MALISITI A NYUMBA, mkatimo atawasanja chaka ndi chaka n'kuwamanga ndi ulusi wa thumba la feteleza. Sanadumphitse ngakhale chaka chimodzi. Lomaliza ndi la 2018, chaka chimene anayamba kudwala, ndipo ndikukumbukira tsikulo chifukwa ndinawaperekeza ndine, ndimaganiza kuti tikungopita kuchipatala koma iwo anati tidzere kaye ku ofesi. Ndinakhala pansi ndi malisitiwo nthawi yaitali, agogo mpaka anadzuka kudzaona ngati ndili bwino.

Lolemba ndinafika ku khonsolo 8 koloko, wondithandiza anafika 10 koloko itadutsa. Poyamba anangoloza chiwerengero chomwe chija n'kunena kuti mayi ndi imeneyi. Ndinachita monga munandiuzira bambo a ku Luchenza, ndinati mundilembere chaka ndi chaka. Anapumira m'mwamba koma analemba. Msonkho weniweni ndi K19,500 pa chaka, zaka 7 kuyambira 2018 mpaka 2024, yonse K136,500. Yotsalayo, K78,100, n'chiwongola dzanja. Ndinatulutsa lisiti la 2018 n'kuliika patebulo. Analitembenuza, kuliyang'ana kudzuwa, kuitana mnzake, kenako anapita nalo m'chipinda china. Ndinawatsatira mpaka pakhomo, lisiti la bambo silingandichoke m'maso. Pobwera anati n'zoona, ndalamayo inalandiridwa koma sinalowe m'buku, achotsa chaka chimenecho ndi chiwongola dzanja chake. Pepani sanatchule. Ndiye ndikudzifunsa kuti m'mzere wathu uja ndi angati amene makolo awo analibe envulopu.

Za kahokala munalondola. M'buku mwawo nyumba yathu ili ndi mbali ya malonda. Andiuza ndilembe kalata kuti adzabwere kudzaona, koma tsiku sananene. Kusintha dzina akuti si kwawo kokha, ndiyambire kwa bwanamkubwa ndi makalata a chuma cha masiye, ndipo pamenepo mpofunika amalume akhalepo, chifukwa kwathu kuno nkhani ya nyumba siyendetsedwa popanda mwini mbumba. Imeneyo ndi nkhondo ina, amalume anga mukanawadziwa.

Ndalipirako K20,000, tagwirizana kuti ndiziponya K10,000 mwezi uliwonse, ndipo ndinaumirira kuti alembe zimenezo papepala n'kudinda. Ndisanatuluke ndinafunsa za kalavati. Anati si ofesi yawo, ndikaonane ndi a zomangamanga. A zomangamanga anali atapita kumaliro. Ndinafunsanso za nyumba ya geti yakuda ngati ili m'buku, mtsikana wa pakompyuta anangoseka n'kunena kuti mayi zimenezo musandifunse ine. Pa bolodi la panja ndinaona chidziwitso cha msonkhano wa bajeti mwezi wamawa, chomata ndi phala, ngodya imodzi itamatuka. Ndachijambula pa foni ndipo ndatumizira azimayi onse a pamjigo. Gogo a kwa Mabuka, funso lanu lija la minda ikuluikulu ndalilemba kuseri kwa bilu kuti ndisakaliiwale.

Achimwene a kabaza, pobwerera ndinakwera mnzanu, ananditula kumtunda komwe kuja, kwatsalako ndinayenda. Lisiti latsopano ndalimanga pa ulusi womwewo, pansi pa la 2018. Telala wamva kale kuti ndinapita ku khonsolo, m'mawa uno wandipeza ndikukazinga mandasi n'kundifunsa ngati lendi ikwere. Ndamuuza kuti mafuta akupsa, tikambirana madzulo.